Chivomerezi cha ku Lisbon ndi funso lomwe likuvutabe anthu oganiza

M'mawa wa pa 1 Novembala 1755, anthu a mumzinda wa Lisbon ku Portugal anali atadzaza m'matchalitchi pa chikondwerero cha oyera mtima onse pamene nthaka inayamba kugwedezeka. Madenga anawagwera ali chigwadire. Makandulo anayatsa moto womwe unayaka masiku angapo, ndipo omwe anathawira kudoko pofuna malo opanda nyumba anakokoloka ndi mafunde a m'nyanja. Anafa anthu masauzande ambirimbiri. Funso lakalekale linadzukanso: ngati Mulungu ndi wamphamvuzonse komanso wabwino, mavuto otere amawaloleranji?

Wansembe wina wachiJesuit, Gabriel Malagrida, sanachedwe kuyankha: ati chinali chilango cha machimo a mzindawo. Mlembi wa ku France, Voltaire, anakana zimenezo pofunsa ngati Lisbon inkachimwa kuposa Paris kapena London. Anatsutsanso chiphunzitso cha woganiza wina, Leibniz, cha m'chaka cha 1710, chakuti dziko lino ndi labwino koposa maiko onse omwe Mulungu akanatha kulenga. Mkangano sunathere pomwepo. Mu 1955, J. L. Mackie, yemwe sankakhulupirira Mulungu, analemba kuti mphamvu zonse, ubwino wonse ndi zoipa sizingakhale zoona pamodzi. Alvin Plantinga anamuyankha mu 1974 kuti Mulungu sangapatse munthu ufulu wosankha kwinaku atamumanga manja kuti asalakwe, ndipo yankho limeneli ndi lolemera. Vuto lake nlakuti limagwira pa nkhanza za wakuba ndi wakupha, koma pansi pa nyanja palibe munthu anasankha kuti miyala isunthe.

Ena anganene, monga mlembi mnzake Rousseau anauzira Voltaire mu 1756, kuti chilengedwe sichinamange nyumba zosanjikizana kasanu ndi kamodzi mothinana chonchija, anamanga ndi anthu. Mawu ofanana nawo anamveka ku Blantyre mu Malichi 2023, namondwe wa Freddy atagumula matope ndi miyala m'phiri la Soche: anthu anadula mitengo n'kumanga motsetsereka. Zimenezo nzoona, koma khanda lomwe linakwiririka lili kumsana kwa mayi ake silinasankhe puloti. Apa mpomwe chitsanzo cha woganiza William Rowe cha mu 1979 chimabaya. Mphenzi yayatsa nkhalango, mwana wa gwape wapsa, wagona masiku angapo akuphupha mpaka kufa, popanda womuona. Woganiza wina, John Hick, ankati masautso amakhwimitsa mtima wa munthu, koma kagwape kaja kanaphunziranji, nanga ndani anapindula ndi ululu wake?

Yankho lolimba lomwe okhulupirira atsala nalo nlakuti nzeru za munthu nzochepa, kotero kusaona chifukwa si umboni woti chifukwacho palibe. Pamenepa wosakhulupirira ayenera kuvomera kuti sanatsimikize kuti kulibe Mulungu. Wangosonyeza kuti zifukwa zomwe zaperekedwa sizikukwanira. Koma yankho lomwelo lili ndi mtengo wake, ndipo okhulupirira ambiri safuna kuulipira. Wonena kuti zolinga za Mulungu nzobisika sangatembenukenso mawa lake n'kuimirira pamaliro kulengeza kuti akudziwa tchimo lomwe lagwetsa nyumbayo. Malagrida akutsutsidwa ndi mbali yake yomwe. Ngakhale m'buku la Yobu, omwe Mulungu anawakalipira pomaliza ndi abwenzi atatu aja omwe anali ndi tanthauzo la chilonda chilichonse, osati Yobu wodandaulayo. Nchifukwa chake kudandaula kwa Voltaire kuli pafupi ndi Baibulo kusiyana ndi ulaliki wa wansembe uja, ngakhale Voltaire sanali munthu wa tchalitchi.

Ku Lisbon komweko, nduna ya mfumu, munthu yemwe anadzatchedwa Marquês de Pombal, inatumiza mafunso kumaparishi a m'dzikomo: nthaka inagwedezeka nthawi yaitali bwanji, madzi a m'zitsime anakwera kapena anatsika, nyanja inachita zotani. Ansembe ndi omwe analemba mayankho ake. Pomanganso dera la Baixa mumzindawo, amisiri anaika mitengo yolukanalukana mkati mwa makoma, kuti nthaka ikadzagwedezekanso nyumba idzawerame m'malo mogwera anthu.