Mlombwa umakumbukira chilala chimene ife tidaiwala

Mukapeza chitsa cha mlombwa chodulidwa bwino ndi sowo, weramani muchiyang'anitsitse. Muona mizere yozungulira kuyambira pakati mpaka kukhungwa, ina yotalikirana, ina yothinana kwambiri. Ntchito yanga ndi kuyeza mizere imeneyi, ndipo nkhani yake ikukhudza aliyense amene amalawirira mbandakucha ndi zigubu kukadikira madzi pamjigo ku Makokoba kapena ku Pumula kuno ku Bulawayo.

Mlombwa, umene anzathu kuno amautcha mukwa kapena umvagazi, umayoyola masamba onse m'chilimwe n'kusiya kukula. Dzinja likayandikira umaphukiranso n'kuyamba kunenepa pansi pa khungwa, ndipo malire a pamene udalekezera ndi pamene wayambiranso amaoneka ngati mzere. Chaka chimodzi, mzere umodzi. Chaka cha mvula yambiri mtengo umanenepa, mpata wa pakati pa mizere n'kukhala waukulu. Chaka cha chilala umangowonjezera pang'ono chabe.

Kunena n'kosavuta, koma ntchito yake ndi ya thukuta. Chidutswa cha chipika chikafika, timayamba tachiumitsa, kenako n'kuchipala ndi sandipepa wokhakhala, n'kumasintha mpaka wosalala kwambiri. Fumbi lake lofiirira limalowa m'mphuno ndi m'tsitsi, koma sitisiya mpaka timabowo tonyamula madzi m'thabwamo titaoneka bwino pa maikulosikopu. Mu mlombwa timabowoti timakhala tokulirapo kumayambiriro kwa dzinja lililonse, ndiye ndi timene timatiuza pamene chaka chayambira. Apa m'pofunika kusamala, chifukwa mtengo umatha kunamiza. Ng'amba ikagwa pakati pa dzinja, mtengo umatha kupumira n'kusiya kamzere kabodza. Chaka choipitsitsa mzere umatha kuoneka mbali imodzi ya thunthu, mbali inayo osaoneka. N'chifukwa chake sitikhulupirira mtengo umodzi. Timayika mitengo yambiri ya dera limodzi pambali ndi pambali, n'kuona ngati zaka zowonda ndi zonenepa zikutsatana mofanana mwa yonse. Zikagwirizana, m'pamene timalemba chaka chenicheni pa mzere uliwonse. Ndipo thabwa lakale likagwirizana ndi mizere ya m'katikati mwa mtengo wodulidwa posachedwa, timabwerera m'mbuyo kupitirira msinkhu wa mtengo umodzi.

Luso limeneli adalikhazikitsa ndi A. E. Douglass, katswiri wa za nyenyezi wa ku Arizona, amene adatsegula labotale ya mizere ya mitengo ku Tucson mu 1937. Kwa nthawi yaitali akatswiri ambiri ankati mitengo ya kumaiko otentha siingathandize, poti kulibe chisanu choimitsa mtengo kukula. Sadaganizire bwino za chilimwe chathu. Mu 1999 David Stahle ndi anzake adasonyeza kuti mlombwa wa kumadzulo kwa Zimbabwe umalemba mzere chaka ndi chaka. Mu 2006 Matthew Therrell ndi anzake adasindikiza mbiri ya mvula ya Zimbabwe ya kuyambira 1796 mpaka 1996, yochokera m'mizere ya mlombwa yokhayokha. Kudali koyamba kuchita zimenezi m'maiko otentha a mu Africa.

Zimene adapeza n'zimene zimandisowetsa tulo. Akuluakulu a kuno akamatchula 1992 amagwedeza mutu, chifukwa chaka chimenecho chidali pachimake pa chilala cha 1989 mpaka 1995. Koma mlombwa ukuonetsa kuti kuyambira 1882 mpaka 1896 kudagwa chilala chofika pomwepo kuipa kwake, ndipo chidakhalitsa kuposa apo. Chaka cha 1896 m'pamenenso mliri wa ng'ombe udapululutsa makola a Amandebele, ndiye ganizani anthu atafooka kale ndi zaka zonsezo za mvula yoperewera. Chilala china, chooneka choopsa kuposa zonsezi, chili m'mizere ya 1859 mpaka 1868. Ife a ku Malawi zaka zimenezi tiyenera kuzizindikira, pakuti mu 1862 ndi 1863 njala idasesa anthu m'chigwa cha Shire, nthawi ya David Livingstone ndi amishoni amene adayamba ntchito ku Magomero. Kenaka mitengo yomweyo ikuonetsa mvula yochuluka kuyambira 1897 mpaka 1902, yoposa nyengo iliyonse yamvula imene idayezedwa pambuyo pake. Zaka zouma ndi zonyowazi zikugwirizananso ndi kutentha ndi kuzizira kwa nyanja ya Pacific, kuja timakumva pa wailesi kuti El Niño.

Mtengo si chipangizo choyezera mvula. Atayerekeza mizereyi ndi mvula yoyezedwa ya 1901 mpaka 1948, adapeza kuti ikufotokoza magawo 46 pa 100 aliwonse a kusinthasintha kwa mvula ya Novembala mpaka Febuluwale. Kusiyana kwina kwa mizereyi kumachokera ku moto wa m'tchire, dothi, ndi mitengo yoyandikana nayo. Choncho sindingakuuzeni mamilimita a chaka chakutichakuti, koma zaka zowonda zikandondozana khumi m'mitengo yambiri, palibe chokayikitsa.

Bulawayo amamwa madzi a m'madamu a Umzingwane, Upper Ncema, Lower Ncema, Inyankuni, Insiza ndi Mtshabezi, kuphatikizapo a pansi pa nthaka a ku Nyamandlovu. Mu 2020 mipopi inkakhala youma masiku asanu ndi limodzi pa sabata. Mu 2024 maboma a Zimbabwe, Malawi ndi Zambia onse adalengeza kuti chilala chabweretsa ngozi. Ganizo lokoka madzi ku Zambezi lidayamba kukambidwa mu 1912. Maganizo anga ndi akuti aliyense wokonza za madzi a mzindawu aziwerengera chilala cha zaka khumi kapena kuposa, osati cha chaka chimodzi kapena ziwiri, chifukwa choterocho chidachitikapo kawiri m'zaka za m'ma 1800. Wina asatenge zimenezi ngati umboni woti kusintha kwa nyengo kulibe. Chilala chautali chikabweranso chidzapeza dziko lotentha kuposa kale, madzi akuuma msanga m'madamu, ndi anthu ochuluka zedi.

Kuti tibwerere m'mbuyo kupitirira 1796 tikufunika matabwa akale. Mlombwa umatenga zaka pafupifupi 100 kuti ufike pochekedwa, ndipo mikuluikulu ikutha m'nkhalango. Amisiri a matabwa, ocheka mitengo, ndi inu amene mukugwetsa nyumba kapena tchalitchi chakale: mukapeza mtanda kapena chitsa chachikulu cha mlombwa, musachiwaze nkhuni. Chekani kagawo kathunthu, lembani malo amene mwachipeza, ndipo mukapereke kwa a zankhalango kapena ku yunivesite imene muli nayo pafupi.