Maso Athu Ali Pano, Wopanga Magalasi Ali Kutali

Pa Boma la Katete munthu wofuna feteleza, simenti, malata, matayala a njinga kapena foni ya m'manja sabwerera chimanjamanja. Ku Sinda nakonso masitolo a zinthu zoterezi andanda m'mbali mwa msewu waukulu wa Great East. Koma munthu wofuna kupimitsa maso ndi kupeza magalasi omuyenera, kawirikawiri ulendo wake umakathera ku chipatala cha mishoni kapena ku Chipata, mwinanso ku Lusaka kwenikweniko, mtunda wa makilomita pafupifupi 500. Kalembera wa mu 2022 anapeza anthu oposa 200,000 m'boma la Katete, enanso oposa 200,000 m'boma la Sinda, ndi oposa 50,000 ku Vubwi. Pa khamu lonseli maso ofuna thandizo sangachepe ayi. Nanga n'chifukwa chiyani amalonda a magalasi achulukira ku Lusaka ndi ku Migodi, pamene kwathu kuno n'ngosowa? Funsoli likutikhudza tonse, pakuti yankho lake lili m'thumba la wamalonda komanso m'makhalidwe athu ife ogula.

Vuto limene limafikira banja lililonse

Munthu akafika zaka 40 kapena 45, kagalasi kachibadwa kamene kali m'kati mwa diso kamayamba kuuma, ndipo zinthu zapafupi zimaoneka mwachimbuuzi. Si ufiti, si tsoka, koma ndi kukula chabe monga imvi. Zizindikiro zake timazidziwa. Mayi amene anali katswiri pa kusoka ayamba kuitana mdzukulu kuti amulowetsere ulusi m'singano. Bambo atambasula dzanja lonse kuti awerenge buku la nyimbo. Mlimi alephera kuwerenga mlingo wa mankhwala a thonje wolembedwa pa botolo, kapena apereka foni yake kwa mlendo kuti amuonere ndalama zimene zalowa. M'matchalitchi athu a m'midzi, kumene Bambo Mfumu amafika mwa kamodzikamodzi, owerenga Mawu a Mulungu ndi alembi okhulupirika amatula udindo mwakachetechete, ife n'kumati atopa kapena azizira m'chikhulupiriro.

Mu 2019 bungwe la za umoyo pa dziko lonse, la WHO, linalengeza kuti anthu osachepera 2.2 biliyoni ali ndi vuto la kuona, ndipo mwa iwo osachepera 1 biliyoni vuto lawo likadapewedwa kapena likudikirabe thandizo. Ambiri mwa amenewa akungosowa magalasi basi. Kafukufuku wa mu 2018 pakati pa anthu othyola tiyi ku Assam, m'dziko la India, anaonetsa kuti amene anapatsidwa magalasi owerengera anathyola tiyi wochuluka ndi pafupifupi 22 pa 100 kuposa anzawo. Tsono magalasi ndi chida cha ntchito monga khasu. Amene amawayesa chovala cha anthu onyada akulakwitsa.

Kufikira lero, katundu wa maso m'chigawo chathu wasenzedwa makamaka ndi zipatala za mipingo ndi za boma. Chipatala cha St Francis ku Katete, chimene chinayambitsidwa ndi a Anglican mu 1948 ndipo tsopano amachiyendetsa pamodzi ndi Dayosizi yathu ya Chipata, chimathandiza odwala maso. Chipatala cha Mwami cha a Seventh-day Adventist, kufupi ndi Chipata, chinatchuka kalekale pa ntchito yochotsa ng'ala. Tiyenera kuthokoza. Komabe dotolo amene ali ndi mzere wa anthu a ng'ala ndi ovulala maso sangakhalenso ndi nthawi yokwanira yosankhira aliyense wa ife magalasi owerengera. Apa ndiye pofunika munthu wodziwa ntchito, wokhala ndi kasitolo kakekake pafupi ndi anthu.

Mtolo wa wamalonda wa magalasi

Tiyeni tiuone mtolo umene munthu wotereyu amasenza asanalandire ngakhale ngwee imodzi. Wogulitsa mchere ndi sopo angayambe ndi thebulo limodzi, koma wa magalasi afunika chipinda chimene angathe kuchidetsa popima, tchati cha zilembo, bokosi la timagalasi toyesera, chida chounikira m'kati mwa diso, ndi makina osemera galasi kuti lilowe bwino m'felemu. Zonsezi n'zochokera kunja kwa dziko, ndipo zikaonongeka wozikonza ali kutali. Afunikanso katundu wambiri wa pa shelefu, chifukwa mphamvu za magalasi zimakwera pang'onopang'ono, 0.25 pa sitepe iliyonse, ndipo diso lamanja limasiyana ndi lamanzere. Galasi la mphamvu yosowa lingagone m'kabati chaka chathunthu, ndalama ili yomangika mmenemo. Magalasi ovuta, monga aja oonera patali ndi pafupi pomwe, amachita kuitanitsidwa ku Lusaka, ndipo kasitomala wa kumudzi ayenera kubwera kawiri: kudzapimitsa ndi kudzatenga.

Chachiwiri ndi dola. Mafelemu ndi magalasi ambiri amapangidwa ku China ndi ku India, ndipo amagulidwa ndi ndalama yakunja. Mu 2013, chaka chimene kwacha yatsopano inayamba, dola imodzi inali kusinthidwa ndi ndalama zopitirira pang'ono K5. Pofika kumapeto kwa 2024 inali itadutsa K27. Ngakhale kwacha inalimbako mu 2025, wamalonda amene anaoda katundu pa nthawi yodula sangatsitse mtengo tsiku limodzi osaluza. Sitolo zazikulu za m'mizinda, zokhala ndi nthambi zambiri, zimaoda katundu wochuluka nthawi imodzi n'kutsitsiridwa mtengo, mwayi umene munthu woima payekha alibe.

Chachitatu ndi magetsi. Chilala cha mu 2024, chimene Pulezidenti Hakainde Hichilema anachilengeza kuti ndi tsoka la dziko lonse pa 29 Febuluwale chaka chimenecho, chinachepetsa madzi ku Kariba, ndipo magetsi ankazima maola ambiri pa tsiku. Makina osemera galasi sayenda ndi nyale ya palafini. Jenereta kapena sola ndi ndalama inanso yowonjezera pa mtengo wa magalasi.

Chachinayi ndi anthu odziwa ntchito ndi ziphaso. Kwa zaka zambiri akatswiri opima maso ankaphunzira kunja. Maphunziro otere anayamba ku koleji ya Chainama ku Lusaka cha m'ma 2010, mothandizidwa ndi bungwe la Vision Aid Overseas la ku Britain. Otsiriza maphunzirowa akali ochepa poyerekeza ndi kukula kwa dziko, ndipo ambiri amakopeka ndi mizinda kumene malipiro ndi otsimikizika. Sitolo ya magalasi imaonedwanso ngati malo a za umoyo, choncho pamwamba pa kulembetsa ku PACRA, msonkho wa ku ZRA ndi laisensi ya ku khonsolo, pafunika chiphaso cha bungwe la Health Professions Council of Zambia, cha malowo ndi cha wopimayo. Malamulo amenewa ndi abwino chifukwa amatiteteza, koma onse ali ndi mtengo wake.

Chachisanu, chimene mwina n'cholemera kuposa zonse, ndi nyengo ya ndalama. Ife alimi a chimanga, nsawa, soya, thonje ndi mpendadzuwa timagwira ndalama kuyambira mu Meyi kufikira cha mu Seputembala. Mvula ikagwa, kangachepe kotsala kamapita ku feteleza ndi ku zofunika za ana a sukulu. Koma lendi ya sitolo ndi malipiro a wantchito sizidziwa dzinja. Wamalonda ayenera kupeza pa miyezi isanu ndalama yomusunga miyezi 12.

Inshuwalansi ya umoyo ya NHIMA, imene lamulo lake linakhazikitsidwa mu 2018, inabweretsa chiyembekezo, pakuti wantchito amapereka 1 pa 100 ya malipiro ake, womulemba ntchito n'kuwonjezera 1 pa 100 inanso. Aphunzitsi, anamwino ndi ena olembedwa ntchito anapeza njira yopezera magalasi. Koma ambiri a ife m'maboma atatuwa sitili pa malipiro a pamwezi. Ndiponso wamalonda amapereka katundu lero n'kudikira kuti inshuwalansi idzamubwezere, ndipo malipirowo akachedwa, sitolo yaikulu imapirira pamene yaing'ono imaphwa.

Magalasi a pamsika ndi magalasi aulere

Pali opikisana naye awiri amene salipira chilichonse mwa zimene tatchulazi. Woyamba ndi wogulitsa magalasi pamsika, pamodzi ndi mawotchi ndi mabatire. Tinene chilungamo: kwa munthu wachikulire amene maso ake onse awiri ndi ofanana ndipo akungovutika kuwerenga, magalasi okonzeratu, a mphamvu monga +1.50 kapena +2.50, amathandizadi ndipo saononga diso. Vuto n'lakuti wogulitsayo saona m'kati mwa diso. Matenda a glaucoma amapha mtsempha wa diso pang'onopang'ono, kawirikawiri popanda ululu, ndipo kuona kumene kwatayika sikubwereranso. Madzi akatayika saoleka. Matenda a shuga ndi kuthamanga kwa magazi nawonso amasiya zizindikiro m'diso zimene wophunzira yekha ndiye angazione. Mwana amene saona bwino pa bolodi sangathandizidwe konse ndi magalasi a pamsika, chifukwa vuto lake n'losiyana. Akuluakulu anati safunsa anadya phula.

Wachiwiri ndi magalasi akale amene anthu achifundo a kunja amasonkhanitsa n'kutumiza kuno kuti agawidwe ulere. Mtima wawo ndi wabwino. Koma kafukufuku wofalitsidwa mu 2012 anapeza kuti mwa magalasi otere 7 okha pa 100 ndiwo anali oyenera kupatsidwanso kwa munthu wina, ndipo ntchito yowasankha inadula kuposa kugula atsopano okonzeratu. Pamwamba pa izi, alendo ogawa aja amakhala sabata imodzi n'kupita. Kamwendo ka felemu kakathyoka, wokonza palibe. Chimene chimatsala m'mitima yathu ndi maganizo akuti magalasi sagulidwa, amangodikiridwa. Wamalonda wa kwathu sangapikisane ndi chaulere, ndipo akatseka chitseko timatsala opanda mlendo, opandanso mnzathu.

Mbali yathu ife Akhristu

Mbiri imatiuza kuti magalasi anayamba kupangidwa ku Italy cha m'ma 1286, ndipo woyamba kuwapanga anabisa luso lake. Mbale wina wa chipani cha Dominiko Woyera, Alessandro della Spina wa ku Pisa, anaphunzira kuwapanga ndipo anagawira ena lusolo mokondwa. Choncho Eklezia ndi ntchito imeneyi anadziwana kalekale. Lero mbali yathu ndiyo kuchititsa kuti luso lotere lithe kukhazikika pakati pathu.

Mutu umodzi susenza denga. Mlimi mmodzi wa ku Vubwi sangaitane katswiri wa maso, koma parishi ingathe. Mphakati uliwonse utalemba maina a ofuna kupimidwa, komiti ya za umoyo ya parishi ingagwirizane ndi chipatala kapena ndi wamalonda wa chiphaso kuti abwere pa tsiku lodziwika, mtengo utakambidwiratu. Anthu makumi angapo pa tsiku limodzi amabweza ndalama ya ulendo wake, ndipo ife tapulumutsa ya basi. Tsikulo likhale m'nyengo yokolola, pamene ndalama ili m'manja. Pa mgwirizano womwewo patchulidwenso tsiku lobweretsa magalasi oitanitsidwa, ndi la kudzaonanso amene sanawayane.

Magulu athu a chilimba ndi a SILC amatithandiza kugula mbale, malata ndi feteleza. Palibe choletsa kuti pa tsiku logawana, banja lipatule ndalama ya maso a mayi kapena a mwana wa sukulu. Ndipo abwenzi akunja akafuna kuthandiza parishi, tiwapemphe mwaulemu kuti m'malo motumiza makatoni a magalasi akale, alipirire osauka, amasiye ndi okalamba athu kuti apimidwe ndi kupatsidwa magalasi atsopano kuno komwe. Potero wosauka wathandizidwa, ndipo ntchito yatsala m'dera lathu. Achinyamata athu amene akhoza bwino masamu ndi sayansi tiwauze kuti maphunziro a za maso alipo m'dziko muno, ndi kuti kwawo kuno kuli anthu owadikira.

Nawonso amalonda tiwakumbutse udindo wawo. Chiphaso chipachikidwe poonekera, mitengo ilembedwe poyera, ndipo pakhale mafelemu otsika mtengo koma olimba, oyenera thumba la mlimi. Munthu amene akungofunika magalasi owerengera asamukakamize kugula odula. Amene ali ndi ng'ala kapena matenda ena amuuze zoona n'kumutumiza ku chipatala, osamugulitsa magalasi amene sadzamuthandiza. Kumudzi mbiri imayenda msanga kuposa minibasi, ndipo wamalonda wachilungamo sasowa womulengeza.

Mu 2021 maiko a m'bungwe la WHO anagwirizana kuti pofika 2030 chiwerengero cha anthu opeza magalasi owayenera chikwere ndi mfundo 40 pa 100. Lonjezo limeneli linapangidwa ku Geneva, koma lidzaoneka ngati lakwaniritsidwa pa Katete, pa Sinda ndi pa Vubwi. Tsiku la Maso pa dziko lonse limakhala Lachinayi lachiwiri la mwezi wa Okutobala, ndipo pa 13 Disembala timakumbukira Lusiya Woyera, nkhoswe ya odwala maso. Masiku awiriwa ndi mwayi wophunzitsa za maso m'matchalitchi athu ndi kuyamba kulemba maina, kuti pofika nyengo yokolola mndandanda ukhale uli m'manja mwa Bambo Mfumu ndi komiti. Pa msonkhano wotsatira wa Mphakati, tiyambe ndi kufunsa amene anasiya kuwerenga Mawu a Mulungu chifukwa chimene anasiyira.