Fayilo Ilipo, Koma Mlonda Akukana

Mwa zinthu zimene zimathetsa nzeru anthu oyang'anira makompyuta a m'maofesi, pali chimodzi chimene chimabwera kaŵirikaŵiri. Munthu wakonza fayilo yake, waiika pamalo oyenera, ndipo wapereka chilolezo chakuti aliyense aiŵerenge. Koma pulogalamu yofunika kuiŵerenga ikafika, makina amakana kwamtuwagalu. Nkhani ya lero ikufotokoza gwero la vuto limeneli pa makompyuta oyendera Linux, ndi m'mene amalithetsera.

Kuyambira kale, pa makina a Unix ndi Linux mwini fayilo ndiye amanena munthu amene angaiŵerenge kapena kuisintha. Njirayi ili ndi pofooka pake: wakuba akalanda pulogalamu imodzi, amatenga mphamvu zonse za mwini pulogalamuyo, nayendayenda m'kompyuta ngati mwini nyumba. M'chaka cha 1973, David Bell ndi Leonard LaPadula, a bungwe la MITRE ku America, analemba dongosolo lina losungira zinsinsi za asilikali. M'dongosololi lamulo limachokera pamwamba, ndipo ngakhale mwini fayilo sangalipyole. Maganizo oterewa anakula pang'onopang'ono, mpaka mu December 2000 bungwe la boma la America la National Security Agency linatulutsa SELinux, imene inaloŵetsedwa m'phata la Linux mu 2003. Fedora ndi Red Hat Enterprise Linux zimabwera ili yoyatsa kale, ndipo kuyambira pa Android 5.0 ya mu 2014 mafoni a Android amaigwiritsa ntchito mokwanira. Choncho womvera amene ali ndi foni yotere m'thumba, kaya ali ku Nsanje kaya ku Chitipa, akuyenda ndi mlonda ameneyu osadziŵa.

Mlondayu sayang'ana nkhope, sayang'ana dzina la fayilo, amangoyang'ana chizindikiro. Fayilo iliyonse ili ndi chizindikiro chake, ndipo pulogalamu iliyonse imene ikugwira ntchito ili ndi chakenso. Chizindikirocho chimakhala ndi zigawo zinayi, koma pa ntchito ya tsiku ndi tsiku chofunika kwambiri ndi chachitatu, chimene chimatchula mtundu. Pulogalamu ya Apache, imene imapereka masamba a pa intaneti, imayenda ndi mtundu wa httpd_t. Lamulo limailola kuŵerenga mafayilo a mtundu wa httpd_sys_content_t, amene malo ake ndi foda ya /var/www/html. Fayilo yobadwira m'foda ya munthu payekha imalandira mtundu wa user_home_t, ndipo Apache saloledwa kuikhudza. Chimene sichinaloledwe m'lamulo, mlonda amachikana.

Nanga chizindikiro chimasokonekera bwanji? Yankho lili m'malamulo aŵiri aafupi amene woyang'anira aliyense amaphunzira sabata yake yoyamba: cp, lokopera fayilo, ndi mv, losamutsa fayilo. Kukopera kuli ngati kukhuthulira chimanga m'thumba latsopano la kumene chikupita. Thumbalo limalembedwa dzina la malo atsopanowo. Kusamutsa kuli ngati kunyamula thumba lomwelo, dzina lakale lili chilembere. Munthu amene wakonzera tsamba m'foda yake, nalisamutsa ndi mv kupita ku /var/www/html, wafikitsa fayilo pamalo oyenera koma ndi chizindikiro cha kwawo. Apache ikaifuna, mlonda amaona user_home_t, natseka chitseko. Apa ambiri amathamangira lamulo la chmod kuti atsekulire aliyense, koma sizithandiza konse, popeza chilolezo cha mwini fayilo ndi lamulo la SELinux ndi zitseko ziŵiri zosiyana.

Woyang'anira wodziŵa ntchito yake amayamba waona. Lamulo la ls -Z limaonetsa chizindikiro cha fayilo iliyonse, ndipo m'kaundula wa /var/log/audit/audit.log mumalembedwa nthaŵi imene mlonda anakana, pulogalamu imene inakanidwa, ndi mtundu wa fayilo imene inafunidwa. Akatsimikiza kuti chizindikiro ndicho chalakwika, mankhwala ake ndi lamulo la restorecon. Lamuloli limayang'ana m'buku la SELinux, m'mene munalembedwa kuti malo akutiakuti ayenera mtundu wakutiwakuti, nkubwezeretsa chizindikiro choyenera. Akawonjezera -R limaloŵa m'mafoda onse a m'kati, ndipo -v imanena zimene zasinthidwa.

Pali lamulo lina, chcon, limene limakopa anthu chifukwa cha kufulumira kwake. Limalemba chizindikiro chimene munthu wafuna pomwepo, osafunsa buku lija. Ntchito yake ili ngati kulemba ndi choko pakhoma la panja: mawu amaoneka bwino kufikira mvula itagwa. Tsiku limene wina adzayendetse restorecon, chizindikiro cha chcon chidzafufutika, ndipo masamba amene anali kuoneka bwino kwa miyezi adzazima mwadzidzidzi, mwini wake ataiŵala kale zimene anachita. Poyesera chabe, chcon ndi yothandiza. Pokhazikitsa zinthu, ayi.

Vuto limakula pamene ofesi yasankha kusunga masamba ake pamalo achilendo, tinene foda ya /srv/masamba. Buku silidziŵa kuti kumeneko kuli masamba a intaneti, motero restorecon yokha imapereka mtundu wa var_t, umene Apache saŵerenga. Apa pafunika kukonza buku lenilenilo. Lamulo la semanage fcontext limawonjezera mzere wonena kuti fodayo pamodzi ndi zonse za m'kati mwake zikhale za mtundu wa httpd_sys_content_t. Chimene ambiri amaphonya nchakuti semanage siikhudza fayilo ndi imodzi yomwe, imangolemba m'buku. Pambuyo pake restorecon iyenera kuyendanso kuti zolembedwazo zifike pa mafayilo. Ngati pulogalamu iyenera kulembanso m'fodamo, monga polandira zithunzi zimene anthu akutumiza, mtundu wake ndi wina, httpd_sys_rw_content_t, ndipo uperekedwe ku foda yokhayo basi.

Ena akatopa amangochotsa mlonda ntchito. Lamulo la setenforce 0 limachititsa SELinux kumangolemba zolakwa m'kaundula popanda kuletsa, ndipo kwa mphindi zoŵerengeka ndi njira yabwino yodziŵira ngati vuto likuchokeradi kwa iye. Kuisiya chomwecho kwa miyezi ndi kusiya khomo pululu. Kuizimitsiratu kuli ndi mtengo winanso: mafayilo onse obadwa m'nyengo imeneyo amakhala opanda chizindikiro, ndipo tsiku loiyatsanso makina angakane ngakhale kulola mwini wake kuloŵa. Pofuna kupeŵa zimenezi, woyang'anira amaika fayilo yopanda kanthu yotchedwa /.autorelabel, nayambitsanso kompyuta mlonda ali wongolemba osaletsa. Makina amayenda fayilo ndi fayilo kulemba zizindikiro zonse mwatsopano, ndipo pa kompyuta ya mafayilo ochuluka ntchitoyi imatenga nthaŵi ndithu. Nchifukwa chake anthu ozoloŵera amaichita madzulo, anzawo a m'ofesi ataŵeruka.