Makina Othandiza Kulemba ndi Nkhani Zosonkhanitsa Nzeru

Nkhani ya sabata ino ikukhudza mtundu wina wa zolembedwa umene anthu ambiri amaudalira osadziŵa kuti akuudalira. Mphunzitsi akamakonzekera phunziro, mlangizi wa zaulimi akamapita kukayankhula ndi alimi, ngakhalenso namwino akafuna kudziŵa mankhwala oyenera, saŵerenga mabuku onse amene analembedwa pa nkhaniyo. Amaŵerenga nkhani imodzi imene munthu wina analemba ataŵerenga zolembedwa zambiri, nasankha zofunika, naziika pamodzi mwachidule. Imeneyi ndiyo nkhani yosonkhanitsa. Ili ngati nkhokwe: chimanga chake nchochokera m'minda yambiri, koma wofuna kudya amapita pamalo amodzi.

Tsono nkhokwe imafumbwa, ndipo nkhani yosonkhanitsa imakalamba. Chitsanzo chili pafupi. Kwa zaka zambiri mankhwala a malungo m'Malaŵi anali kolorokwini. Tizilombo toyambitsa malungo titaleka kumva mankhwalawo, m'chaka cha 1993 dziko lino linayamba kugwiritsa ntchito SP, amene ambiri amawadziŵa ndi dzina lakuti Fansidar, ndipo Malaŵi linali dziko loyamba mu Africa kusintha motere. M'chaka cha 2007 SP nawonso analoŵedwa m'malo ndi LA. M'mwezi wa Epulo 2019 ana a m'maboma ena a dziko lino anayamba kulandira katemera wa malungo, ndipo m'chaka cha 2021 bungwe la zaumoyo pa dziko lonse, la WHO, linavomereza kuti katemerayo afalikire. Choncho nkhani yonena za malungo imene inalembedwa m'chaka cha 1990, ngakhale inali yoona pa tsiku limene inalembedwa, lero ikhoza kuphetsa mwana.

Kodi nkhani zotere zimakalamba msanga motani? M'chaka cha 2007 akatswiri ena anasanthula nkhani zosonkhanitsa 100 zonena za mankhwala ndi chithandizo cha odwala. Anapeza kuti theka la nkhanizo linafunika kukonzedwanso pomatha zaka zisanu ndi theka. Nkhani 23 zinafunika kukonzedwa zisanathe zaka ziŵiri, ndipo 7 zinali zitakalamba kale pa tsiku limene zinasindikizidwa. Nchifukwa chake bungwe la Cochrane, limene linayambika ku Oxford m'chaka cha 1993 ndi cholinga chosonkhanitsa zotsatira za kafukufuku wa zaumoyo, linayamba kulemba nkhani zimene limazitcha zamoyo, ndiko kuti nkhani zosatsekedwa, zimene zimaonedwanso nthaŵi ndi nthaŵi. Bungwe la WHO linachita chimodzimodzi pa mliri wa Covid-19. Mu Novembala 2020 malangizo ake anati mankhwala a remdesivir asamaperekedwe kwa odwala ogonekedwa m'chipatala. Mu Epulo 2022, umboni watsopano utapezeka, malangizo omwewo anasintha nati mankhwalawo akhoza kuthandiza odwala amene matenda sanawakulire koma ali pa chiopsezo chachikulu.

Ntchito yoŵerenga zonse zatsopano ndi kukonzanso nkhani mwezi ndi mwezi njolemetsa, ndipo apa ndi pamene makina a nzeru zochita kupanga, amene anthu amangowatchula kuti AI, aloŵerapo. Makina aŵa anadziŵika kwa anthu wamba kuyambira mu Novembala 2022, pamene kampani ya OpenAI inatulutsa ChatGPT, ndipo makampani ena anatsatira ndi makina awo. Munthu amalemba funso pa kompyuta kapena pa foni, makinawo nkuyankha m'ziganizo zomveka bwino ngati za munthu wophunzira. Akhoza kuŵerenga masamba mazanamazana m'mphindi zochepa, kutolamo mfundo zikuluzikulu, kuyerekeza zimene olemba aŵiri anena, ndi kuonetsa pamene nkhani yakale ikusiyana ndi umboni watsopano. Ntchito imene munthu akanaigwira kwa masabata, makinawo amaiyamba ndi kuifikitsa patali tsiku lomwelo.

Komabe nkofunika kuti omvera amvetse m'mene makinawo amagwirira ntchito, pakuti pamenepo ndi pamene pagona ubwino wake ndi kuopsa kwake komwe. Opanga makinawo anawadyetsa zolembedwa zochuluka zedi, za m'mabuku ndi za pa intaneti, mpaka makinawo anaphunzira kuti mau akutiakuti kaŵirikaŵiri amatsatana ndi mau akutiakuti. Polemba, amasankha mau oyenera kutsatira, kenaka ena, mpaka chiganizo chitatha. Luso lawo lenileni ndi kulemba zomveka ngati zoona. Kaŵirikaŵiri zomveka ngati zoonazo zimakhaladi zoona, koma si nthaŵi zonse. Pamene makinawo alibe yankho, sachita manyazi kupeka, ndipo bodza lawo limatuluka ndi mau osalala chimodzimodzi ndi zoona. Chinanso, kuphunzira kwawo kuli ndi tsiku limene kunalekezera. Zochitika pambuyo pa tsikulo sazidziŵa, pokhapokha munthu atawapatsa zolembedwa zatsopano kapena atawalola kukafufuza pa intaneti.

Zimenezi zinaoneka poyera. Mu Novembala 2022 kampani ya Meta inaonetsa makina otchedwa Galactica, amene anapangidwira kusonkhanitsa nzeru za sayansi, koma patangotha masiku atatu inawachotsa, akatswiri ataona kuti akupeka maina a kafukufuku amene sanachitike. Mu Januwale 2023 nyumba yofalitsa nkhani ya CNET ku America inavomera kuti mwa nkhani 77 zimene zinalembedwa mothandizidwa ndi makina, 41 zinafunika kukonzedwa. Mu Juni chaka chomwecho woweruza wa ku New York analamula maloya kuti alipire chindapusa cha madola 5,000 chifukwa chopereka ku bwalo milandu yakale imene makina anangoipeka. Nawonso olemba a Wikipedia, buku lalikulu la pa intaneti limene linayambika m'chaka cha 2001 ndipo limalembedwa ndi anthu ongodzipereka, m'chaka cha 2025 anakana kuti pamwamba pa nkhani zawo paziikidwa zidule zolembedwa ndi makina, ndipo kuyesako kunaimitsidwa.

Pali vuto lina lobisika limene limakhudza makamaka nkhani zosonkhanitsa. Makina amakokera kumene kuli zolembedwa zambiri. Koma zolembedwa zakale nthaŵi zambiri zimachuluka kuposa zatsopano, chifukwa zakhala zikuunjikana kwa zaka. Makina osayang'aniridwa akhoza kutsata gulu lakale nasiya umboni umodzi watsopano umene uli woona. Akhozanso kusakaniza zinthu ziŵiri zosiyana. Mwachitsanzo, SP anasiya kukhala mankhwala ochizira malungo, komabe amaperekedwa kwa amayi oyembekezera pofuna kuwateteza. Chidule chosasamala chikhoza kunena kuti SP anathetsedweratu, kapena kuti akuchizabe malungo, ndipo zonse ziŵirizi nzolakwa. Ndiponso nkhani zolembedwa ndi makina zikachuluka pa intaneti, makina ena amaziŵerenga ngati umboni, kotero kuti bodza limodzi limabala anzake, nkumaoneka ngati latsimikizidwa ndi mboni zambiri.

Nanga wofuna kugwiritsa ntchito makinawo moyenera achite chiyani? Choyamba, munthu ndiye asankhe funso, ndipo likhale lolunjika. Funso lakuti malungo nchiyani nlotakata kwambiri. Funso lakuti mwana wa zaka zosakwana zisanu wopezeka ndi malungo m'Malaŵi amapatsidwa mankhwala anji lili ndi malire. Chachiŵiri, munthu yemweyo asankhe magwero odalirika, monga malangizo a unduna ndi malipoti a kafukufuku, napatse makinawo, nawauze kuti alembe zochokera m'magwerowo basi. Chachitatu, mfundo iliyonse m'nkhaniyo ionetse kumene yachokera ndi chaka chake. Chachinayi, wolemba atsegule gwero lililonse ndi maso ake, aone ngati lilipodi ndiponso ngati likunenadi zimene makina anena. Gawo limeneli ndilo lotopetsa, ndipo ndilo limene aulesi amalidumpha. Koma kuona maso a nkhono nkudekha.

Pa kukonzanso nkhani, lamulo ndi lomweli. Pakhale nthaŵi yoikika yofufuzira zatsopano: mwezi uliwonse pa nkhani zosintha msanga monga mliri kapena mitengo ya zinthu, chaka chilichonse pa nkhani zokhazikika. Makina asaloledwe kulembanso nkhani yonse mwa okha, pakuti potero amasintha ngakhale ziganizo zimene zinali zolondola, ndipo cholakwa chimaloŵa mwakachetechete. Ntchito yawo ikhale kuloza: chiganizo ichi chikutsutsana ndi lipoti latsopanoli, chiŵerengero ichi nchakale. Munthu wodziŵa nkhaniyo ndiye agamule ngati umboni watsopanowo uli wokwanira kusintha nkhani, chifukwa si kafukufuku aliyense watsopano amene amaposa wakale. Pomaliza alembe tsiku limene nkhaniyo yaonedwa, zimene zasintha ndi chifukwa chake, nasunge nkhani yakaleyo, kuti cholakwa chikapezeka kukhale kotheka kubwerera. Ndipo pakhale munthu wodziŵika amene adzayankhe nkhaniyo ikasokeretsa anthu, pakuti makina sangaitanidwe ku bwalo.

Olemba m'Chicheŵa ali ndi chifukwa china chochenjerera. Makinawo anaphunzira kwambiri kuchokera ku Chingerezi, chifukwa zolembedwa za m'Chicheŵa pa intaneti nzochepa. Choncho Chicheŵa chawo nthaŵi zina chimatsata kamangidwe ka ziganizo za Chingerezi, ndipo pa maina a mbewu, a matenda ndi a miyambo amaphonya mosavuta. Mau amodzi olakwika pa muyeso wa mankhwala kapena wa feteleza si nkhani ya kukoma kwa chiyankhulo chabe. Ndi nkhani ya moyo wa mwana ndi zokolola za banja. Nkhani imene makina aimasulira iyenera kuŵerengedwa ndi mwini chiyankhulo amene akudziŵanso ntchitoyo.

Kwa womvera wamba, amene salemba koma amaŵerenga ndi kumva, mafunso atatu ngokwanira. Nkhaniyi inaonedwa liti komaliza? Mfundo zake zachokera kuti? Ndani wavomera kuiyankhira? Nkhani imene ikuyankha mafunso atatuŵa ikhoza kudaliridwa, kaya makina anathandiza kuilemba kaya ayi. Imene ikulephera kuyankha iŵerengedwe mochenjera, ndipo pa za mankhwala munthu akafunse kuchipatala, pa za mbewu akafunse mlangizi wa m'dera lake. Makina afulumizitsa ntchito yotuta ndi yotsanulira m'nkhokwe, koma kuyang'ana ngati chimanga chafumbwa idakali ntchito ya mwini nkhokwe.