Kalulu wa pachitsime si wongogonekera ana

Ku Mushili, mu mzinda wa Ndola, magetsi akathima madzulo ana amasendera kwa agogo kuti amve nthano. Makolo ena amati zimenezi n'zongogonekera ana basi. Ena amadandaula kuti Kalulu akuphunzitsa ana kunama. Nkhawa yawo ndikuimva, koma tiyeni tikumbuke nthano ya chitsime.

Kunagwa chilala. Nyama zonse zinakumba chitsime, Kalulu yekha anakana. Mkango utaika alonda, iye ankafika ndi chipanda cha uchi, kumunyambititsa mlonda pang'ono, kumumanga miyendo, kenaka kutunga madzi n'kusamba m'chitsime momwemo mpaka madzi kuvunduka. Nyama zikuluzikulu zinagwa ndi uchi umenewo. Anadzamugwira ndi Kamba, amene m'Chibemba cha ku Mushili ndi Fulwe, wonyozeka uja amene palibe ankamuwerengera. Mwana amene m'mawa anaima pamzere wa pampopi ndi chigubu chake safuna womumasulira. Wothawa ntchito ya onse amamudziwa, mlonda wolandira chiphuphu amamudziwanso. Ndipo ine ndaona kuti pofika pamenepa ana amaombera m'manja Kamba, osati wabodza uja.

Akuluakulu nawo amamva msanga nyama zikayankhula. Pa 1 Januwale 2004, Roy Clarke analemba m'nyuzipepala ya The Post nkhani yotchedwa "Mfuwe", ya njovu Muwelewele yolamulira nyama zinzake kunkhalango. Sinali ya ana, koma inatsata njira ya nthano. Boma la Levy Mwanawasa, amene kale anali loya ku Ndola komweko, linati njovuyo ndi pulezidenti, ndipo nduna Ronnie Shikapwasha inalamula kuti Clarke achoke m'dziko. Khoti lalikulu linathetsa lamulolo chaka chomwecho, ndipo mu 2008 khoti la Supreme linagwirizana ndi chigamulo cha khoti lalikululo. Ku Malawi, Jack Mapanje anavala khungu la bilimankhwe m'buku lake la 1981, komabe anakhala kundende ya Mikuyu kuyambira 1987 mpaka 1991.

N'chifukwa chake zimandipweteka ndikaona nthano ya chitsime itasindikizidwa uchi utachotsedwamo, alonda atayeretsedwa, kungotsala kalulu wokongola wa makutu ataliatali. Agogo athu pa uchi mpamene ankachedwapo, akusintha mawu kuyerekeza Njovu ikupempha kunyambitanso, miyendo ili chimangire.