Ulendo wa ku Mathithi a Zambezi

Anthu ambiri a ku Nsambe ali ndi abale ku Zimbabwe, pakuti kuyambira kale amuna ankamuka ku Harare kukagwira ntchito m'migodi ndi m'minda ya fodya. Wokhalitsa kumeneko osatumiza mau kwao amatchedwa mchona, dzina lochititsa manyazi ndithu. Tsono abale akampeza, atadzera ku Mwanza, Tete ndi Nyamapanda, iye amawachereza ndi mtima wonse, kuti akanene kumudzi kuti mwana wao sanatayike.

Ena amakweza banja lonse pa galimoto kukaona mathithi a Mosi-oa-Tunya, amene David Livingstone anawaona mu 1855, nawatcha Victoria Falls. Njira yake njaitali: kuchokera ku Harare, kudzera ku Bulawayo, ndi makilomita oposa 800. M'njiramo ana obadwira kuchilendo, odziwa Chishona koposa Chichewa, amaphunzira maina a abale ao.

Pofika amaona Zambezi alikugwa mamita 108, utsi wa madzi ulikukwera kumwamba. Pamenepo agogo amauza adzukulu kuti Lisungwi ndi Wamkulumadzi, mitsinje ya kwao, imathira mu Shire, ndipo Shire amakomana ndi madzi omwewa kunsi, ku Mozambique.