Kompyuta yayamba ulesi? Musathamangire kuzula loko

Anyamata amene amadyera kompyuta m'dera la Inkosi Mlonyeni, kuyambira pa boma la Mchinji mpaka kuchipata cha Mwami, dandaulo lawo n'lodziwika: makina aja ankathamanga, lero chithunzi chikuchita kukwawa. Ambiri amangoti ndi vairasi. Nthawi zina ayi ndithu, ndi mankhwala amene makinawo anamwetsedwa.

Nkhani yake ili apa. Mu Januwale 2018, akatswiri kuphatikizapo Jann Horn wa ku Google ndi ena a payunivesite ya Graz ku Austria anaulula zilema ziwiri, Meltdown ndi Spectre, m'bongo wa kompyuta womwe amati purosesa. Bongowu uli ngati wogulitsa m'golosale wojijirika: akangoona kasitomala akubwera, watsitsa kale shuga ndi sopo asanamufunse. Akalakwitsa amabweza, koma kazitape woyang'ana pashelefu wadziwa kale zomwe munthuyo amagula. Momwemonso pulogalamu yakuba itha kununkhiza mawu achinsinsi a eni ake.

Poti purosesa yogulitsidwa kale simungaisulenso, a Intel, a Microsoft ndi a Linux anatumiza zigamba zouza makina kuti achepetse kujijirika ndi kumafufuta mapazi. Walira mvula walira matope: chitetezo chinabwera, liwiro linatsika. A Microsoft eni ake ananena mwezi womwewo kuti makina a 2015 kubwerera m'mbuyo ndiwo adzamve kuwawa kwambiri, makamaka a Windows 7 ndi 8. Nanga a kaunjika amene timagula kuno si omwewo?

Chimene chimavutika koposa ndi virtual machine, kompyuta yongoyerekeza yomwe imakhala mkati mwa inzake ngati mlendo m'nyumba ya eni. Ophunzira amaigwiritsa ntchito poyesera Linux, ena poyendetsa pulogalamu yakale imene Windows watsopano amaikana. Mlendoyu akafuna kujambula chithunzi pagalasi amadzera kwa mwini nyumba, kambirimbiri pa sekondi imodzi. Anthu a m'malire mukudziwa: katundu akhale wochepa, koma ngati pa ulendo uliwonse wa ku Chipata akukutsitsani n'kusecha thumba, tsiku lathera pachipata. Chilema china cha mu Ogasiti 2018, Foreshadow, chinachititsa kuti makina azisesa kankhokwe ka purosesa asanalowetse mlendo uja. Mu 2023 kunabweranso Downfall, ndipo a Intel anavomera kuti pa ntchito zina liwiro litha kutsika mpaka ndi theka.

Tsono pali njira yachidule. Pa Linux munthu amangolemba mitigations=off, pa VMware palinso pochotsera chitetezochi, basi makina ayamba kuuluka. Ngakhale a Canonical, eni ake a Ubuntu, mu 2025 anagwirizana ndi a Intel kuchotsa mbali ina ya chitetezo pa chipangizo cha zithunzi, ati liwiro limakwera mpaka 20 peresenti. Koma dziwani kuti iwo anachotsa loko wa kuchipinda ataona kuti chitseko chachikulu n'chokhoma kale.

Funso n'lakuti, m'kompyutamo muli za yani? Ngati ndi yanu nokha, yosalumikizidwa pa intaneti, yongophunzirira, kuchotsa chitetezo si mlandu waukulu. Koma ngati ndi ya pashopu, pomwe agogo amajambulitsa chitupa cha unzika, mphunzitsi amatsegulira akaunti yake ya kubanki, wamalonda amalembera mapepala a katundu wodutsa m'malire, zinsinsizo si zanu ayi. Mwangosungitsidwa.

Musanazule loko yesani kaye zina: onjezerani RAM, ikani SSD m'malo mwa hadi disiki yakale, ikani mapulogalamu othandizira zithunzi amene VirtualBox ndi VMware amapereka kwa mlendo uja. Ndipo pogula kaunjika, funsani chaka cha purosesa, osangoona kuwala kwa chikuto. Safunsa anadya phula.

Kasitomala atha kukukhululukirani pomudikiritsa mphindi ziwiri. Koma ndalama zake zikasowa chifukwa cha makina anu, mudzakafotokoza bwino kubwalo la mfumu.